Kudya bwino kusamadikire tsiku loyamba sikelo

Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa kadyedwe ka amayi oyembekezera. Kuno ku Mangochi amayi ambiri amayamba sikelo mimba itaonekera kale, ena poopa kuti akaulula msanga anthu angawachite chipongwe. Apo n'kuti masabata ofunika kwambiri atadutsa.

Asayansi ali ndi phunziro lotchedwa epigenetics, loona zimene zimasintha kagwiridwe ka ntchito ka majini, omwe ndi malangizo a chibadwa a m'thupi. Chakudya sichisintha majini amene mwana watengera kwa makolo ake, koma chimakhudza kagwiridwe kake ka ntchito. Thupi limamata tizizindikiro ta kankhwala kotchedwa methyl pa DNA (kachingwe ka m'thupi komwe kamasunga majini), tomwe timachititsa kuti jini ina igwire ntchito mwamphamvu, ina ikhale chete. Popanga tizizindikiroti limadalira michere monga folate, choline ndi vitamini B12, yomwe timaipeza m'masamba, nyemba, mazira ndi nsomba.

Ku Netherlands kunagwa njala yoopsa mu 1944 ndi 1945. Mu 2008 ofufuza anapeza kuti anthu amene amayi awo anatenga pathupi nthawi ya njalayo anali ndi tizizindikiro tochepa pa jini ya IGF2, yomwe imathandiza mwana kukula m'mimba, poyerekeza ndi abale awo a bere limodzi. Taganizani, patatha zaka 60! Koma chondikhudza kwambiri ndi cha m'midzi ya ku Gambia, komwe tizizindikiro ta ana timasiyana malinga ndi nyengo imene mayi anatengera pathupi, yamvula kapena yachilimwe. Kumeneko dzinja ndi nthawi imene nkhokwe zimakhala zitatha, ngati Januwale ndi Febuluwale wathu.

Sindikuloza chala amayi ayi. Usipa wadzaza pamathandala ku Makawa ndi ku Msaka, koma wabwino wonse umakwera galimoto kupita ku Limbe, pakhomo n'kutsala nsima ya mchere. Ndiwo zikapezeka, mbale yonona ndi ya bambo. Ndiye palinso agogo amene amaletsabe mayi wapakati mazira ati mwana angabadwe wopanda tsitsi.

Pempho langa ku ofesi ya zaumoyo ya boma lino ndi lakuti alangizi a zaumoyo akhale pansi ndi ankhoswe, anamkungwi, mashehe ndi abusa. Iwowa ndiwo amalangiza banja latsopano mimba isanabwere. Mwamuna amve pomwepo kuti usipa, bonongwe, nyemba ndi dzira ziyambe kufika m'mbale ya mkazi wake kuyambira tsiku la ukwati, ndipo akangodumpha mwezi amuperekeze kusikelo akalandire mapiritsi a ayironi ndi folic acid, yemwe ndi mtundu wa folate uja.

Kholo lokhudzidwa,
Mangochi