Mayi anga sakudziwa kuti ali ndi khansa, kodi ndiwauze?

Azakhali,

Ndikulemba nthawi ikuthamangira 2 koloko usiku. Mayi angogona kumene nditawamwetsa mofini wamadzi uja, koma ine tulo tandithawa.

Mayi anga ali ndi zaka 61. Miyezi inayi yapitayo adawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, itafalikira kale, ndipo adokotala adati opaleshoni singathekenso. Adauza ine ndi amalume, eniakewo atakhala pa benchi panja. Mpaka lero iwo amadziwa kuti ali ndi chilonda cha m'mimba basi. Amalume ndiwo adagamula: "Mukawauza ndiye kuti mwawapha, afa ndi maganizo." Achimwene anga a ku Joni nawo adavomereza pa WhatsApp. Iwo zawo n'zosavuta, amatumiza kangachepe mwezi ukatha n'kumalamula ali kutali, koma wochapa zitenje zamagazi m'bandakucha anthu asanadzuke ndine. Alamu anga adabwera kamodzi kokha, ndi paketi imodzi ya shuga, n'kuyamba kufunsa kuti m'chipindamo mukununkha chiyani. Mayi akumva! Ndidangomeza mate.

Pali zina zimene sindingalembe pano. Ndingoti chaka chatha mayi adandinong'oneza kuti akutaya magazi, pomwe kusamba adasiya kalekale. Ine ndidati tidikire tikolole kaye tipeze ya thiransipoti. Sindinkadziwa kuti mzimayi wosiya kusamba akaona magazi ayenera kuthamangira kuchipatala, komanso nthawi imeneyo banja langa linkagwedezeka. Komabe ndikanawatengera msanga, bwenzi lero zili chonchi?

Chikundipweteka kwambiri n'choti bodza lathuli layamba kuwadya mumtima. Poona kuti chilonda sichikupola, akuti adawalodza ang'ono awo enieni chifukwa cha mkangano wa dimba. Mayi aang'onowo akabwera ndi phala, iwo amatembenukira kukhoma. Munthu wosalakwa amabwerera akulira, ine ndikudziwa zoona zake, ndili duu. Akufuna tigulitse mbuzi zawo ziwiri tipite kwa asing'anga. Tsiku lina akundiuza ndisunge ndalama ya feteleza, lina sakudya, sakuyankha, akungoyang'ana kudenga. Munthu amene ankayambitsa nyimbo ku Mvano ameneyu.

Buku lawo la kuchipatala ndimalibisa pansi pa zovala zanga kuopa kuti mwana wanga wa Fomu 3 angawawerengere. Anamwino amene amatipatsa mofiniyo adandiitanira pambali n'kundiuza kuti wodwala ali ndi ufulu wodziwa matenda ake, ndipo iwo akhoza kukhala nafe pansi n'kuwafotokozera pang'onopang'ono, molingana ndi momwe mayiwo angafunire kumva. Nditakawafotokozera amalume adandikalipira kuti ndakula mtima, ati mayi akafa ndi BP mlandu udzakhala wanga.

Madzulo ano ndikuwapukuta kumsana andifunsa kuti, "Iwe, bwanji adokotala akamanena za ine amasintha n'kuyamba Chingerezi? Kodi ine ndine mwana?" Ndawayankha mokalipa kuti mukuganiza zambiri, gonani. Ndawakalipira mayi anga, Azakhali. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Yunifolomu yanga ya Mvano ija uichape, uisite, uiike pafupi." Ndatuluka panja kukalirira kuseri kwa bafa.

Ndiye kodi akudziwa kale, akungondimvera chisoni ineyo? Ndikawauza n'kutaya mtima, n'kuleka kudya ndi kumwa mankhwala, ndidzakhala ndawapha kachiwiri? Nanga ndikapanda kuwauza, apite akudana ndi mng'ono wawo pa chinthu chimene sadachite? Kodi ndingadumphe amalume, eni mbumba, n'kuitana anamwino aja pandekha? Ndipo mawu ake munthu amayamba bwanji kwa mayi ake omubereka?

Akadzuka m'mawa andifunsanso, ndikudziwa. Ndiwayankhe chiyani?

Ine mwana wawo woyamba,
ku Thyolo