Dandaulo kwa kampani yokonza ma TV: munasintha babu, koma TV ikuzimabe yokha

Kwa akuluakulu oyang'anira ntchito yokonza zipangizo zamagetsi pa kampani yanu,

Ndikulemba pano poyera, pamene makasitomala anu onse angathe kuwerenga, chifukwa mauthenga amene ndakhala ndikukutumizirani kumbali sakuyankhidwa, ndipo ndikaimba foni ku ofesi yanu ndimangouzidwa kuti amisiri atuluka, adzandiimbira akabwera. Mpaka lero palibe amene wandiimbira.

Nkhani yake ndi ya TV yanga yakale ya mtundu wa rear projection, zija zikuluzikulu zokhala ndi msana wotukuka, zimene chithunzi chake chimapangidwira mkati, n'kukagunda galasi la kumbuyo chisanafike pa sikirini. Yangayi ndi ya DLP, mtundu umene umapanga chithunzi pogwiritsa ntchito babu lowala kwambiri ndi timagalasi ting'onoting'ono. Ikayatsidwa imayamba bwinobwino, chithunzi chowala ndiponso mawu omveka, koma ikagwira ntchito kwa kanthawi imazima yokha mwadzidzidzi, ndipo kagetsi ka kutsogolo kamayamba kuphethira. Mmisiri wanu atabwera anamvetsera zimene ndinafotokoza, anatsegula kachitseko ka babu basi, nanena kuti babu latha. Ndinalipira babu latsopano pamodzi ndi ntchito yake. Iye anaika babulo, anayatsa TV, anaona kuti chithunzi chabwera, ndipo ananyamuka nthawi imene TV imazimira isanakwane, ngakhale ndinamupempha kuti adikire. Madzulo a tsiku lomwelo TV inazima monga mwa kale. Pamene ndinadandaula, yankho lokha limene ndinalandira linali lakuti TV imeneyi yakalamba, ndingogula ina.

Sindikukana kuti babu lokalamba likhoza kuzimitsa TV. Mababu a ma TV amenewa ali ndi malire, kawirikawiri maola pakati pa 5,000 ndi 8,000, ndipo ndi chinthu choyamba chimene anthu ambiri amachiganizira. Koma babu limene likutha limadzionetsa: chithunzi chimayamba kuda pang'onopang'ono kwa miyezi, limachedwa kuyaka, nthawi zina limakana kuyaka mpaka mutayesa kangapo, ndipo pomaliza lina limaphulika ndi kaphokoso komveka. Langa silinachite chilichonse mwa zimenezi. Chithunzi chinali chowala mpaka pa mphindi imene TV inali kuzima. Ndinamuuzanso mmisiriyo chinthu china chimene ndinali nditachiona mobwerezabwereza, chakuti TV ikayatsidwa itazizira imakhalitsa ndithu isanazime, pamene ikayatsidwanso itangopuma pang'ono imazima msanga kwambiri. Munthu aliyense wodziwa ntchito imeneyi akamva zotere amayamba kuganizira za kutentha, asanaganizire zogulitsa babu.

Mfundo imene ndikufuna muimve ndi yakuti TV ya mtundu uwu ikazima yokha n'kuyamba kuphethira kagetsi, nthawi zambiri imakhala ikudziteteza. Mkati mwake muli zipangizo zimene zimayang'anira kutentha, kuzungulira kwa mafani, kutsekeka kwa kachitseko ka babu ndi kayendedwe ka magetsi, ndipo chimodzi mwa izi chikaona cholakwika chimalamula kuti babu lizimitsidwe zinthu zisanapse. Kuphethira kwa kagetsi kuja kulinso ndi tanthauzo, chifukwa opanga ma TV amenewa anakonza zoti kuchuluka kwa kuphethirako, kapena mitundu ya timagetsi timene tayaka, kuzisonyeza kumene kuli vuto, ndipo tanthauzo lake limapezeka m'buku la amisiri la TV iliyonse. Ine ndinajambula kuphethirako pa foni ndipo ndinamuonetsa mmisiri wanu. Sanawerenge kuti kagetsiko kakuphethira kangati, sanafunse nambala ya mtundu wa TV imene inalembedwa kumbuyo, ndipo buku lililonse sanalitsegule. Anachita ngati dokotala wolembera wodwala mankhwala okwera mtengo asanamuyeze n'komwe.

Tiyeni tiyambe ndi mafani, popeza ndi pamene ndikukayikira kwambiri. Babu la TV ya DLP limadya magetsi oposa mawati 100 m'kabokosi kakang'ono kwambiri, ndipo limatentha moti silingagwire ntchito popanda mphepo yolizizira nthawi zonse. N'chifukwa chake mafani amapitiriza kuzungulira kwa kanthawi ngakhale TV itazimitsidwa, ndipo n'chifukwa chakenso opanga amaletsa kuzula pulagi pakhoma TV itangozima kumene. Mafani amenewa amatumiza ku bolodi la zamagetsi limene limayendetsa TV chizindikiro chosonyeza liwiro lawo, ndipo imodzi ikaima kapena ikayamba kuzungulira mofooka, TV imazima ngakhale babu litakhala latsopano lochokera m'bokosi. Pa TV yanga pamamveka kaphokoso kokwecha kochokera cha kumbuyo, kamene kamakula TV ikatsala pang'ono kuzima. Nditamuuza mmisiri wanu za kaphokosoka anangoseka, nati zakale zimalira choncho. Kunena zoona, yankho limeneli ndi limene linandiwawa koposa ndalama, chifukwa chizindikiro chomveka ndi makutu chinakanidwa popanda kumasula ngakhale sikuluwu imodzi ya chivundikiro cha kumbuyo. Fumbi limene launjikana kwa zaka zambiri m'timabowo tolowera mphepo ndi pa mapiko a fani limabweretsa vuto lomwelo, ndipo kulichotsa ndi ntchito yaing'ono kwa munthu amene ali ndi zida zake. Palinso kachipangizo koyeza kutentha kamene kamakhala pafupi ndi nyumba ya babu, kamene kakafooka kamatha kudula magetsi kutentha kusanafike pa mlingo woopsa.

Ngati mafani atapezeka kuti ali bwino, ndiye kuti pali ballast, imene imayatsa babu ndi mphamvu ya mavoti masauzande angapo kenaka n'kulisunga likuyaka ndi mphamvu yocheperapo. Ballast yofooka imaonetsa zizindikiro zofanana kwambiri ndi za babu lotha, ndipo amisiri odziwa ntchito amadziwa kuti zinthu ziwirizi zimasokonezedwa kawirikawiri. Palinso gudumu la mitundu, limene pa TV ya DLP limazungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi kutsogolo kwa kuwala kuti chithunzi chikhale ndi mitundu yofiira, yobiriwira ndi yabuluu. Gudumuli likayamba kutha limalira mokweza, ndipo bolodi likasiya kulandira chizindikiro cha kuzungulira kwake limazimitsa babu. Choncho kaphokoso kamene ndikumva kakhoza kukhala ka fani kapena ka gudumuli, ndipo amene angasiyanitse ziwirizi ndi munthu amene watsegula TV n'kumvetsera pafupi. Pa bolodi lopereka magetsi pamakhalanso ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) amene akakalamba amatupa pamwamba moonekera ndi maso, komanso malo owotcherera amene amang'aluka pang'ono n'kumalekana bolodi likatentha. Zonsezi zimafunika maso, mita yoyezera magetsi ndi kuleza mtima kodikira kuti vuto lichitike mmisiri ali pomwepo.

Kachitseko ka babu nako kali ndi kaswichi kamene kamadula magetsi ngati sikanatsekeke bwino. Sindikunena kuti ndiko kanayambitsa vuto, popeza TV inayamba kuzima kachitsekoka kasanatsegulidwe, koma mmisiri wanu anakasiya kakugwedera, ndipo ndikufuna kuti amene adzabwere adzakaone.

Musaganize kuti ndinathamangira kwa inu ndisanayese zimene mwini TV angayese yekha. Ndinaona ngati nthawi yozimitsira yokha inatcheredwa mu menyu, ndipo sinatcheredwe. Ndinalumikiza TV mwachindunji pa soketi ina ya pakhoma, ndinachotsa zipangizo zonse zolumikizidwa kumbuyo kwake, ndinachotsa mabatire mu rimoti poopa kuti mwina batani lina linakanirira, ndinaisuntha kuti italikirane ndi khoma, ndipo ndinapukuta fumbi la kunja kwa timabowo ta mphepo. Pamenepo ndi pamene pathera malire anga. Chivundikiro cha kumbuyo sindinachitsegule, chifukwa ma capacitor ena amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo pafupi ndi ballast si malo olowetsapo dzanja mwachibwana. Ndinaitana inu kuti muchite gawo limene ine sindingathe, ndipo gawo limenelo ndi lomwe silinachitike.

Pali chinthu china chimene ndinachiona pa tsiku loyamba limene ndinaimba foni, chimene chikusonyeza kuti vuto silili pa mmisiri mmodzi yekha. Amene anayankha foniyo, atangomva kuti TV ndi ya rear projection, ananena nthawi yomweyo kuti ndi babu, asanafunse kuti ndi ya mtundu wanji. Komatu ma TV a rear projection si amodzimodzi. Akale kwambiri ali ndi machubu atatu opangira chithunzi otchedwa CRT, lofiira, lobiriwira ndi labuluu, ndipo alibiretu babu losintha. Amenewo akamazima okha zifukwa zake zimakhala zina, monga kupsa kwa tizipangizo timene timagwirizanitsa zithunzi za machubu atatuwo, kudontha kwa madzi ozizitsira machubu n'kugwera pa bolodi, kapena kukwera kwa magetsi amphamvu a machubuwo, amene amafika pafupifupi mavoti 30,000, mpaka chitetezo chake n'kuzimitsa TV yonse. Munthu wokhala ndi TV yotere akanakuimbirani tsiku limenelo, kodi nayenso mukanamulonjeza babu? Ndikufunsa chifukwa zikuoneka ngati ku ofesi yanu yankho limakhala lokonzeka kale funso lisanathe.

Za babu lenilenilo ndili ndi madandaulo awiri. Loyamba ndi lakuti bokosi limene babu latsopano linabweramo linalibe dzina la amene analipanga, ndipo pa lisiti panangolembedwa kuti babu, popanda nambala yake kapena nthawi ya chitsimikizo. Mababu a ma TV amenewa amasiyana mphamvu ndi kapangidwe, ndipo losagwirizana ndi ballast likhoza kuwonjezera vuto m'malo molithetsa, choncho ndili ndi ufulu wodziwa chimene chinaikidwa mu TV yanga. Lachiwiri ndi lakuti mmisiri wanu anatenga babu langa lakale osandifunsa. Ngati analitenga kuti likatayidwe mosamala chifukwa muli chitsulo chapoizoni chotchedwa mercury, cholingacho n'chabwino, koma akanayenera kundiuza. Popeza tsopano zadziwika kuti kusintha babu sikunathetse vuto, n'kutheka kuti babu lakale lija linali lidakali ndi moyo, ndipo ndi katundu wanga. Ndikuwonjezeranso kuti sanabwezeretse pa ziro chowerengera maola a babu, moti TV idakali kuwerenga maola a babu limene linachotsedwa.

Pa mawu anu akuti ndingogula ina, ndikudziwa bwino kuti nthawi ya ma TV amenewa inapita. Mitsubishi, imene inali kampani yaikulu yomaliza kupanga ma TV a rear projection a DLP, inasiya mu 2012, ndipo zipangizo zina zosinthira zikusowa chaka ndi chaka. Komabe luso limeneli si lachilendo kwa amisiri, popeza kachipangizo ka timagalasi ting'onoting'ono kamene kali pa mtima pa DLP kanapangidwa ku kampani ya Texas Instruments mu 1987, ndipo mavuto a ma TV amenewa anadziwika ndi kulembedwa kalekale. Mukanandiuza poyamba kuti simukonza ma TV otere, kapena mukanaiyeza n'kupeza kuti chawonongeka ndi chinthu chimene sichipezekanso, ndikanavomereza ndi mtima umodzi n'kulipira ntchito yoyezayo. Chimene sindingavomereze ndi chakuti ukalamba wa TV munaukumbukira ndalama za babu zitalowa kale. Kusankha kuikonza kapena kuisiya ndi kwanga, ndipo ndingasankhe bwino pokhapokha nditauzidwa chenicheni chimene chawonongeka.

Chimene ndikupempha ndi chakuti mutumize mmisiri wodziwa ma TV a DLP, popanda kundilipiritsanso ulendo, amene adzabwere ndi buku la amisiri la TV imeneyi, adzatsegule kumbuyo, adzaone mafani onse akuzungulira, adzayeze ballast ndi bolodi la magetsi, ndipo adzakhale mpaka TV itazima iye akuona. Zimene adzapeze azilembe pa pepala, pamodzi ndi tanthauzo la kuphethira kwa kagetsi kuja. Zikatsimikizika kuti vuto silinali babu, mutenge babu lanu, mundibwezere langa lakale ndi ndalama zimene ndinalipira pa latsopanolo, kapena ndalamazo zilowe pa mtengo wa chipangizo chimene chawonongekadi. Ngati babu lakale munalitaya kale, mundiuze poyera kuti tikambirane njira ina. Pakadali pano TV sindikuiyatsa, chifukwa kuikakamiza pamene ikudziteteza kukhoza kupsereza zinthu zimene panopa zili bwino.

Lisiti ndili nayo, kanema wa kuphethira kwa kagetsi ndili naye, ndipo nambala ya ntchito imene munandipatsa ili mu uthenga umene ndinakutumizirani kumbali. Chonde mundiyankhe pano tsiku limene mmisiri adzabwere, komanso udindo wa munthu amene ndingalankhule naye ku ofesi yanu pa nkhani ya kubweza ndalama.