Anyamata obowola konkire kuno ku Joni, fumbi lija likutidya m'chifuwa

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule ndi achimwene anga amene akumatsika basi pa Park Station ndiye mawa lake ali kale pa ganyu ya zomangamanga atapatsidwa dirilo m'manja. Ine ndimagwira za mapaipi ndi magiza ndipo ndaona kuti malo opanikiza, kuseri kwa giza, pansi pa sinki, m'kakona ka pansi pa masitepe, ndi komwe amatumako wachilendo chifukwa sadziwa kukana. Uko ndi kumene ntchito imaonongeka komanso munthu amapwetekera.

Vuto ndi loti dirilo ya SDS, ija yobowola konkire momenya ngati hamala, ndi biti yake (kachitsulo kobowolera) kutalika kwake kumaposa mpata womwe ulipo, ndiye munthu amangoyipendeketsa nkuyamba kukankha ndi phewa, bowo limatuluka lokhota, bawuti sikhala bwino, pakapita miyezi chomwe munapachikacho chayamba kugwedera. Chonsecho njira yake njapafupi. Yambani ndi biti yayifupi ya 110mm, bowo likalowako muichotse, tengani ya 160mm muyambe mwaiika m'bowomo kenako ndi pomwe mulumikize dirilo kumbuyo kwake, mpata umapezeka. Osakankha mwamphamvu ayi, SDS imamenya yokha, inu ntchito yanu nkuigwira chilili basi. Ndipo tija timutu tokhota tomangira masikuluu musatiike pa hamala, magiya ake amaphwanyika pompo, mutu wokhota wa konkire ulipo wakewake, auzeni abwana akabwereke kobwereketsa zida m'malo moti inu muthyoke mkono.

Mukamva phokoso lasintha, fumbi lasiya kutuluka dirilo ikungolira pamodzimodzi, dziwani mwagunda chitsulo cha m'kati, ma Y12 aja. Sunthani bowo, musadule. M'nyumba zosanja ndi moimika magalimoto silabu zina zili ndi mawaya achitsulo okokedwa mwamphamvu m'kati mwake, kudula imodzi ndi ngozi yayikulu, pamenepo osabowola asanayeze ndi makina oona pomwe pali mawayawo. Komanso pafupi ndi m'mphepete rawl bolt, bawuti ija yofutukuka m'bowo, ukamanga imang'amba konkire, kuli bwino ya mankhwala ija yomata.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi fumbi. Panja mphepo imalitenga, koma m'kabowo mutu uli pafupi ndi biti fumbi lonse limathera m'mphuno, munthu amatuluka nsidze zayera mbuu ngati wachokera ku chigayo, nkumatsokomola akuti ndi chimfine cha Joni. Ena ndimawaona akuuzira bowo ndi pakamwa kuti liyere, fumbi lonse bwerere kumaso. Abale anga, mu konkire muli mchenga ndi miyala, fumbi lake lili ndi silika, tizidutswa tosaoneka ndi maso timakakhazikika m'mapapo nkupanga zipsera. Matendawa ndi silicosis, sachira, ndipo amatsegulira njira TB. Sabwera lero, amadikira zaka, munthu wabwerera kale kumudzi ku Mzimba kapena ku Mangochi akulephera kukwera kachitunda, achibale nkumati amulodza chifukwa anabwera ndi malata.

Ife Amalawi nkhaniyi siyachilendo. Agogo athu anabwera ndi Wenela ndi Teba kudzabowola miyala pansi pa mzinda womwewu, ambiri anabwerera ndi chifuwa. Mu 2019 khothi lalikulu la Johannesburg linavomereza chipukuta misozi cha R5 biliyoni kwa ogwira ntchito m'migodi ya golide amene anadwala silicosis ndi TB, mpomwe panabadwa Tshiamiso Trust, bungwe logawa ndalamazo. Iwo aja mayina awo anali m'mabuku a kampani. Nanga mnyamata wa ganyu ya tsiku limodzi, wolipidwa pamanja, opanda pepala lililonse, adzakasuma kuti?

Kansalu komanga kukamwa kapena masiki ya buluu ija ya nthawi ya Covid sizigwira fumbi ili, pamafunika yolembedwa FFP2 kapena FFP3 ndipo igwire bwino pamphuno, ndevu zimasiya mpata. Mnzako agwire paipi ya vakyumu pafupi ndi bowo pamene iwe ukubowola, bowo mutsuke ndi kaburashi ndi kapampu osati mpweya wanu, pomaliza nyowetsani pansi musanasese. Lamulo la kuno la chitetezo pa ntchito la 1993 limati wolemba ntchito ndiye apereke zodzitetezera, ndiye kupempha masiki si mwano. Ndikudziwa mantha alipo oti mawa sakuitananso, komabe masiki imodzi mtengo wake sufika pa kota (buledi uja wa tchipisi m'kati) ndi Coke wa nkhomaliro, abwana akakana gulani nokha.

A TEVETA kumudziko chonde, ana athu mukuwaphunzitsa zomanga ambiri akuthera kuno, muziwaphunzitsanso za fumbili asanakwere basi. Nanunso atsogoleri a mipingo ndi mabungwe a maliro a Amalawi kuno ku Joni, Lamulungu likubwerali tengani mphindi zisanu muwauze anyamatawa, inuyo amakumverani kuposa ife.

Wowerenga wanu,
Turffontein, Johannesburg