Lipoti la nthumwi zathu pa msonkhano wa siteshoni ya sitima ya Chipata

A pampando, amayi ndi abambo, mamembala nonse a gulu lathu la amalonda odutsa malire,

Munatituma anthu atatu ku msonkhano wa masiku awiri umene unachitikira muno mu Chipata, wokamba za kukonza masiteshoni a m'mizinda kuti azilandira sitima zonyamula anthu tsiku ndi tsiku. Munatipatsa funso limodzi: sitima ya anthu yopita ku Mchinji idzayamba liti, nanga chikuichedwetsa n'chiyani? Tsiku palibe amene analitchula. Tabwera ndi ndondomeko ya mmene ntchitoyi imayendera, ndipo titaiona bwino tapeza kuti pempho lathu lakale lija, loti atimangire chipinda chodikiriramo ndi kupenta siteshoni, tinaliyambira kumchira.

Njanji ya Chipata mpaka Mchinji ndi ya makilomita 27. Ntchito yake inayamba mu 1982, inaima zaka zambirimbiri, n'kudzatsegulidwa mu Ogasiti 2010 nthawi ya Pulezidenti Rupiah Banda. Zaka 28 pa makilomita 27, ndiye kuti chaka chimatha kilomita isanakwane. Itatsegulidwa inangokhala mpaka mu 2014 pamene sitima ya katundu inayamba kuyendapo. Cholinga chake kuyambira pachiyambi chinali katundu wopita ndi wochokera ku doko la Nacala ku Mozambique, pafupifupi makilomita 1,150 kuchokera kuno. Apaulendo sanali patsogolo pa maganizo a omangawo.

Vuto loyamba ambiri a ife sitimalidziwa bwino. Njanji yathuyi siigundana paliponse ndi njanji yaikulu ya Zambia Railways yodutsa Livingstone, Lusaka, Kabwe ndi ku migodi. Kukula kwake n'kumodzi, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwiri, koma bogi limene lili ku Kabwe silingafike ku Chipata pa njanji ya dziko lino. Liyenera kukwezedwa pa lole n'kubwera pa Great East Road, apo ayi lizungulire pa Victoria Falls, Bulawayo, Harare, Mutare, lilowe m'Mozambique, likwerere ku Malawi, lidutse Salima ndi Lilongwe ndipo litulukire ku Mchinji. Mutu wa sitima ukawonongeka kwambiri, ulendo wokakonzetsa ndi womwewo. Njanji ya Chipata, Petauke mpaka Serenje, ya makilomita pafupifupi 388, ndiyo ikanatilumikiza ku TAZARA, njanji yopita ku Tanzania imene imagundana ndi njanji yaikulu ija. Mgwirizano wake unasainidwa mu 2016 ndi kampani ya ku China ya CCECC pa ndalama zoposa madola 2 biliyoni, koma njanjiyo mpaka lero kulibe.

Tsono ku ntchito yeniyeni. Akatswiri amene analipo anabwereza mfundo imodzi kangapo: siteshoni imayambira pansi, denga limabwera pomaliza. Sitima ya katundu ikhoza kukwawa pa njanji yotopa, feteleza sadandaula. Ya anthu imafuna liwiro ndi nthawi yodziwika. Tawerengerani nokha. Makilomita 27 pa liwiro la makilomita 40 pa ola ndi mphindi pafupifupi 40. Njanji ikakhala yosadalirika, oyendetsa n'kulamulidwa kuti asapitirire makilomita 15 pa ola, ulendo womwewo umatenga ola limodzi ndi mphindi 48. Mayi wa matumba a nyemba sangadikire zimenezo matakisi opita ku malire a Mwami ali chiimire.

Chimatsitsa liwiro ndi tinthu tating'onoting'ono. Masilipa, mitanda ija imene zitsulo zimagonapo, akayalidwa motalikirana masentimita 70, kilomita imodzi imadya pafupifupi 1,430, ndipo pa makilomita 27 amaposa 38,000. Silipa la konkire limagwira zitsulo ndi makilipu 4, kutanthauza makilipu oposa 150,000 amene munthu ayenera kumayenda pansi n'kumaona ngati alipo. Akuba zitsulo zokagulitsa pa sikelo amachotsa makilipu, mabauti ndi zitsulo zolumikizira njanji. Masilipa angapo otsatizana akasowa makilipu, njanji imayasama pansi pa kulemera kwa sitima, gudumu n'kugwera pakati. Pansi pa silipa pamafunika miyala yophwanya yokhuthala masentimita 20 mpaka 30. Ntchito ya miyalayo ndi kugwira silipa ndi kupititsa madzi. Dothi ndi udzu zikaidzaza, madzi amaima, sitima ikamadutsa matope amatumphukira m'mwamba ndipo njanji imatitimira mbali imodzi. Kalavati mmodzi akatsekeka ndi zinyalala mu Januwale, madzi amadya chiunda cha njanji usiku umodzi. Apa tikudzidzudzulanso tokha, chifukwa ena olima mpaka m'tsinde mwa njanji ndi ofukula miyala kukathira maziko a nyumba ndi abale athu omwe.

Chachiwiri ndi popatukira. Njanjiyi ndi imodzi, yopita ndi yobwera zimadutsa pomwepo. Sitima ya anthu ikafika kumapeto, mutu umayenera kumasulidwa, kudutsa pa njanji ya pambali n'kukamangiriridwa kumbuyo kuti ibwerere. Pamafunika njanji yopatukira yokhala ndi mapointi, zitsulo zosuntha zija zimene zimapatutsa sitima, mbali zonse ziwiri, ndipo iyenera kukhala yopanda kanthu nthawi imene sitima ya anthu ikufika. Mabogi a katundu akaimikidwa pamenepo kudikira kutsitsa, sitima ya anthu imaima panja pa siteshoni, ndondomeko ya tsiku lonse n'kusokonekera. Mapointi ndi okwera mtengo, amagulidwa kunja, ndipo akapanda kudzozedwa girisi ndi kuchotsedwa mchenga satsekeka bwino. Sitima zambiri zimagwera pamenepa, mkati mwa siteshoni momwe.

Pulatifomu ndiyo ntchito yachitatu, ndipo imapimidwa kuchokera pa njanji. N'chifukwa chake simangidwa njanji isanawongoledwe: mukaimanga kaye, kenako n'kudzakweza njanji ndi miyala yatsopano, sitepe ya bogi ndi m'mphepete mwa pulatifomu sizikumananso, pamatsala mpata woti mwana n'kugweramo. Bogi limodzi la anthu limatalika pafupifupi mamita 20, choncho sitima ya mabogi 5 imafuna mamita 100, n'kuwonjezerapo ena oti woyendetsa akaphonya pang'ono poimira khomo lisakhale pa tchire. Pansi pake payenera kupendekekera kutali ndi njanji kuti madzi a mvula asathire m'miyala. Pokwerera anthu a njinga za olumala, mulingo wodziwika ndi wakuti mita imodzi yokwera imafuna mamita 12 otalika, ndiye pulatifomu ya masentimita 90 ikufuna njira ya mamita pafupifupi 11. Lamulo la 2012 loteteza anthu olumala likufuna kuti malo a anthu onse azifikirika, ndipo njira yomweyo ndi imene idzatithandize ife okankha mawilibala a katundu. Denga, mabenchi, zimbudzi, madzi, magetsi ndi potengera matikiti zimabwera pambuyo pa zonsezi. N'zotchipa poyerekeza ndi zinazo, ndipo n'zimene zimaoneka bwino pa chithunzi, choncho nthawi zambiri zimamangidwa poyamba n'kuyamba kutha sitima isanabwere.

Nkhani ya malire inatenga nthawi yaitali. Malo a pamodzi oonera ziphaso ndi katundu a Mwami ndi Mchinji, amene anatsegulidwa mu Disembala 2022, anakonzedwera oyenda pa msewu. Okwera sitima nawo ayenera kuonedwa ndi a zolowa ndi kutuluka ndiponso a misonkho, a ZRA mbali ino ndi a MRA mbali inayo. Njira zilipo ziwiri: maofesala azikhala pa siteshoni, kapena azikwera m'sitima n'kumagwira ntchito ikuyenda. Ikakhala yoyambayo, siteshoni ikufunika chipinda chawo, mpanda ndi khomo limodzi lotulukira, ndiye ziyenera kulowa m'mapulani njerwa isanaikidwe. Ife tinapempha kuti ndondomeko ya bungwe la zamalonda la maiko a dera lino la COMESA, yopeputsira amalonda ang'onoang'ono pa malire, ya katundu wosapitirira madola 2,000, idzagwirenso ntchito pa siteshoni, apo ayi sitima idzakhala ya anthu opanda katundu. Palinso zoti Zambia Railways ndi kampani ya CEAR, imene imayendetsa njanji za ku Malawi, agwirizane: mutu ndi wa yani, woyendetsa ali ndi chilolezo cha dziko liti, ngozi ikachitika alipira ndani, tikiti igulidwa ndi kwacha iti. Tisaiwalenso kuti sitima ya anthu ku Malawi imayenda chakummwera, ku Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Wotsikira pa Mchinji adzafunabe minibasi kuti akafike ku Lilongwe.

Za ndalama sitichulukitsa. Sitima ya anthu ya ulendo waufupi siibweza ndalama zosamalira njanji ndi matikiti okha, amene amalipira ndi katundu. Boma la Zambia linalanda njanji m'manja mwa kampani imene inkaiyendetsa mu 2012 n'kuika madola 120 miliyoni a ngongole yakunja ya Eurobond ku Zambia Railways, ndipo mu 2018 linakhazikitsa lamulo loti 30 peresenti ya katundu wolemera aziyenda pa njanji. Kwa ife tanthauzo lake n'loti doko la pamtunda la Chipata, posinthira katundu pakati pa malole ndi sitima, limene lakhala likukambidwa kuyambira kale, si mdani wa sitima ya anthu. Katundu akachuluka, ogwira ntchito yosamalira njanji amakhalapo chaka chonse. Pa ntchito za boma kuchedwa kumayenda chonchi: kupima malo, kujambula mapulani, chilolezo cha bungwe loona za chilengedwe la ZEMA, kulengeza tenda, kusankha kontilakita. Ndalama zikatuluka mochedwa m'chaka, mvula ya Novembala mpaka Epulo imaimitsa ntchito ya dothi. Kontilakita akapanda kulipidwa gawo limene wamaliza amachotsa makina ake, ndipo pobwerera amapeza dola yakwera, mtengo wa zitsulo wasintha, mgwirizano uyenera kukambidwanso.

Akatswiri aja anatikumbutsanso za sitima ya anthu ya Njanji Commuter ya ku Lusaka, imene inkayenda kuchokera ku Chilenje mpaka ku George. Itaima chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zitsulo zinazulidwa, anthu anamanga nyumba ndi misika pamene inkadutsa. Kuibwezeretsa lero kungayambe ndi kusamutsa anthu ndi kuwalipira. Chipata wakhala mzinda kuyambira mu 2017 ndipo mapuloti akupita kulikonse, choncho tinapempha kuti khonsolo, a njanji ndi mafumu aike zizindikiro za malire a malo a njanji anthu asanayandikire.

Pa mfundo imodzi nthumwi sitinagwirizane. Mmodzi wa ife akuti tipemphe ndalama za chitukuko cha dera la phungu, za CDF, zimene zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, kuti zikonze msewu wopita ku siteshoni, mjigo ndi poimikira njinga. Awirife tikuti zimenezo zidikire kufikira njanji itapimidwa, kuopa kumanga zinthu zodzangoolera padzuwa. Mugamule ndinu, ndipo mukavomera pempholo liyenera kudzera ku komiti ya chitukuko ya wadi.

Chimene tonse tagwirizana ndi kuwerenga anthu. Woyang'anira njanji aliyense asanasunthe bogi adzafunsa kuti okwera ndi angati, ndipo kuyankha kuti "ndi ambiri" sikuthandiza. Tikupempha masiku 14, sabata imodzi ya pakati pa mwezi ndi ina ya kumapeto, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, pamalo pokwerera matakisi a ku Mwami. Wowerenga alembe nthawi imene galimoto yanyamuka, anthu angati, matumba angati ndi mtengo umene alipira. Tipewe masabata a Nc'wala mu Febuluwale ndi Kulamba mu Ogasiti, chifukwa alendo a ku Mtenguleni ndi ku Mkaika adzatupitsa chiwerengero ndipo ochiona adzachikana. Pakufunika anthu 8, awiriawiri m'mawa ndi masana mosinthana masiku, makope 4 ndi ndalama ya chakudya chamasana. Odzipereka apereke maina kwa alembi pofika Lachisanu.