Bougainvillea safuna kusasatitsidwa

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzipepala yanuyi ndinenepo za bougainvillea, mtengo woyanga uja umakwera pamipanda ndi pamakonde nkumangoti psuu ndi maluwa ofiira, apepo, apinki, ena oyera. Zimandiwawa ndikaona anthu akuudula mpaka pachitsa ati chifukwa sukuchita maluwa, chonsecho vuto ndi eni akewo, amausasatitsa.

Mtengowu kwawo ndi ku South America, makamaka ku Brazil, Peru ndi Argentina, ndipo umakonda dzuwa la tsiku lonse ndi dothi losasunga madzi. Ndiye munthu amakaudzala pamthunzi kuseri kwa nyumba, m'mawa kuthirira madzulo kuthirira, manyowa wilibala yonse kuwonjezanso feteleza pamwamba pake, basitu mtengo umangobiriwira masamba okhaokha nthambi kutalika koma duwa olo limodzi ayi. Ukamvako ludzu pang'ono m'pamene umachita maluwa. Madzi apafupipafupi amafunika udakali waung'ono, ukagwira muzidikira dothi liume kaye, chifukwa madzi akamangodikha patsinde mizu imawola. Mizuyo ndi yanthetenso zedi, powokera musaphwanye dothi la m'chubu.

Tathyolani kanthambi kamodzi muyang'anitsitse. Zomwe timati maluwazo kwenikweni ndi masamba osintha mtundu, opyapyala ngati pepala, mukawalozetsa kudzuwa mitsempha yake imaoneka bwinobwino. Duwa lenileni ndi kachubu kakang'ono koyera kumutu, timakhala titatu pakati pa masamba amtundu aja. N'chifukwa chake kukongola kwake kumatenga masabata ambiri, timaluwa tikafota masambawo amakhalapobe. Ndipo mtengowu ulibe timanja toyangira monga mphesa, umakwera ndi minga yake yokhota imene imakola chilichonse chomwe yapeza, ukapeza poyedzamira umatha kufika mamita 12. Kumene kuli chinyezi chaka chonse suyoyola masamba, chilala chikanyanya umagwetsako ena koma sufa wambawamba. Chimene chimaupha ndi chisanu choundanitsa madzi chija.

Minga yomwe anthu amadandaula nayoyo ndiye phindu lake lalikulu. Mukadzala mondondoza m'malire mwa puloti nkumakulunga nthambi pawaya, mumapeza mpanda woti wakuba sangayerekeze kulumpha, mbuzi nayo imabwerera, ndipo sufuna penti kapena simenti. Pakhonde umapereka mthunzi, ena amaudzala m'mapoto, m'mbali mwa nyanja zamchere umakulanso bwino poti mphepo yamchere siuvutitsa. Ku Mexico amawiritsa masamba amtunduwo kukhala tiyi wa chifuwa, koma ine sindikulimbikitsa wina kuti asiye kuchipatala chifukwa cha zimenezi ayi. Mbewu yake ndi yaulere, mumangodula kanthambi kokhwimirako nkuzika mumchenga wachinyezi pamthunzi, pakapita masabata angapo kamatulutsa mizu.

China chimene ndikufuna ana asukulu adziwe ndi ichi. Dzinali ndi la Louis Antoine de Bougainville, mkulu wa zombo za ku France zimene zinazungulira dziko kuyambira 1766 mpaka 1769, ndipo katswiri wa zomera paulendowo anali Philibert Commerson. Koma Commerson ankavutika ndi zilonda za kumwendo, moti olemba mbiri ambiri amakhulupirira kuti amene anatola chomerachi mumzinda wa Rio de Janeiro ku Brazil anali womuthandiza wake Jeanne Baret, mayi yemwe anachita kuvala ngati mwamuna kuti akwere nawo poti akazi sankaloledwa m'zombo zankhondo. Ndi mkazi woyamba wodziwika kuti anazungulira dziko lonse, koma dzina linapita kwa bwana Bougainville. Zimandikhudza ndithu.

Sindikuti mtengowu ulibe zovuta. Utomoni wake umayabwa, ena amatuluka nawo zidzolo, mingayo imaboola ngakhale silipasi, ndiye musadzale pakhomo penipeni pomwe ana amasewera kapena pansi pa mawaya amagetsi, komanso ukakwera padenga masamba amatseka magatala. Potengulira valani magolovesi ndi malaya amanja aatali, nthambi zodulazo musazisiye panjira. Muzitengulira maluwa akangotha, chifukwa maluwa ena amadzatuluka pa nthambi zatsopano zimene ziphuke pamenepo.

Ine wowerenga wanu,
Wokonda maluwa