Gemu yakale ya Oregon Trail ikadaphunzitsabe mbiri

Akonzi,

Aphunzitsi amene muli ndi makompyuta akale, musawataye. Gemu ya The Oregon Trail, yomwe idayambira ku Minnesota m'dziko la America mu 1971, imamukweza mwana ngolo ya ng'ombe mu 1848, kuchoka ku Independence, Missouri, ulendo wa ku Oregon.

Ikani DOSBox, pulogalamu yoyendetsera magemu akale, sungani gemuyo mu foda ya c:\gemu, tsegulani DOSBox n'kulembamo "mount c c:\gemu", kenako "c:", ndiye dzina la fayilo yake. Ikamathamanga udyo, dinani Ctrl ndi F11.

Mwana akanyamuka mu Malichi, ng'ombe zimasowa msipu. Akazengereza mpaka Julayi, chisanu chimamupeza m'mapiri. Akapha njati amangosenza nyama yolemera mapaundi 100, yotsalayo n'kuwolera kutchire.

Chokhumudwitsa n'chakuti nkhani ya eni nthaka amene adalandidwa malo gemuyi imangoilambalala. Pamenepo mphunzitsi afotokoze yekha.

Owerenga wanu,
Zomba