Kwa mnzanga amene akupita kukafufuza za mbalame ku Wyoming, chigawo cha ku America

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi a pabanja onse. Ndasangalala kumva kuti akulembani ntchito ya Malichi mpaka Julayi yofufuza za sage-grouse. Mwandifunsa kuti mukonzekere zotani, ndiye ndingolowa m'nkhani.

Mbalameyi ndi yoyenda pansi ngati nkhanga koma ndi yokulirapo: tambala amatha kufika makilogalamu 3, thadzi pafupifupi theka lake. Imapezeka m'zigawo 11 za kumadzulo kwa America komanso ku Alberta ndi Saskatchewan ku Canada, ndipo moyo wake wonse uli pa chitsamba cha sagebrush. Imabisalamo, imaikira mazira pansi pake, ndipo m'nyengo ya chisanu imadya masamba ake okhaokha. Lipoti la mu 2021 la USGS, bungwe la kafukufuku la boma la America, linati chiwerengero chake chatsika ndi 80 peresenti kuchokera mu 1965. Zoyambitsa ndi moto, udzu wachilendo wa cheatgrass umene umauma msanga n'kuyaka chaka ndi chaka, mitengo ya juniper imene ikulowerera m'malo a sagebrush, zitsime za mafuta ndi gasi, komanso minda. Mu 2015 boma la America linagamula kuti isalembedwe pa m'ndandanda wa nyama zimene zatsala pang'ono kutha, choncho manambala amene mukalembe akakhala ndi owawerenga ambiri, ena a iwo ofuna kuwatsutsa.

Ntchito yoyamba ndi kuwerenga atambala pa mabwalo awo ovinira, otchedwa lek. Chaka chilichonse amabwerera pa bwalo lomwelo, kutambasula michira ndi kufufumitsa matumba awiri achikasu a pachifuwa. Kuwerenga kumayamba kutatsala theka la ola kuti dzuwa lituluke ndipo kumatha patapita ola limodzi litatuluka. Muzifika kudakali mdima, muzimitse injini, mukhale m'galimoto momwemo ndi makina oonera patali, chifukwa galimoto yoima amailolera koma munthu woimirira amamuthawa. Werengani kuchokera kumanzere kupita kumanja, dikirani pang'ono, mubwerezenso, mulembe nambala yaikulu. Bwalo lililonse lifikiridwe katatu, motalikirana masiku 7 mpaka 10. Kukakhala chimphepo kapena mvula musawerenge. Chiwombankhanga chikadutsa n'kuwabalalitsa, lembani zimenezo pa fomu, apo ayi wowerenga lipoti adzaganiza kuti bwalolo likufa. Ndipo mukapeza bwalo lopanda mbalame, lembani 0. Bokosi la pa fomu losiyidwa lopanda kanthu limatanthauza kuti simunapiteko, zomwe ndi zina.

Kugwira mathadzi kumachitika usiku. Mmodzi amanyamula tochi yamphamvu n'kumafunafuna maso onyezimira pakati pa zitsamba, wina amatsatira ndi ukonde wa mpini wautali. Kuwala kusachoke pa mbalameyo mpaka ukonde utagwa, ndipo phokoso la injini kapena sipika limaphimba mgugu wa mapazi. Mwezi ukawala kwambiri mbalame imakuonani muli patali. Mukaigwira, panikizani mapiko ku thupi, muiyeze kulemera, muone nthenga za kumapiko kuti mudziwe ngati ndi ya chaka chimodzi kapena yaikulu, muiveke mphete ku mwendo ndi kawailesi koilondolera m'khosi. Kawailesiko kasapitirire 3 peresenti ya kulemera kwa mbalameyo, ndipo pakati pa mkanda ndi khosi pazilowa chala. Kakathina mbalame imavutika kumeza, kakakhwepa kamavuka. Musanaimasule, yatsani risiva, makina omvera kulira kwa kawailesi, mutsimikize kuti nambala ya kawailesi ndi imene mwalemba. Nambala imodzi ikasokonekera, mudzathera mwezi mukulondola mbalame ina.

Pa zisa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa apa wofufuza yemweyo akhoza kukhala amene akupha zisa. Thadzi limaikira mazira 6 mpaka 9 ndipo limafungatira pafupifupi masiku 27. Mukaona kuti kulira kwa kawailesi kukuchokera malo amodzi maulendo awiri kapena atatu otsatizana, ndiye kuti lakhalira mazira. Musalunjike. Zungulirani patali ndi antena mpaka mutadziwa chitsamba chake, mutenge GPS muli chapatali, mulembe mbali ndi mtunda wake, kenako mupitirize kuyenda osabwerera njira imene munadzera. Njira yothera pa chisa imatsogolera zilombo zodya mazira, coyote (wonga nkhandwe) ndi badger (wonga chiuli). Nsanza yomangirira pa chitsamba ngati chizindikiro imaitana akhwangwala, amene achuluka kwambiri m'madera amenewa chifukwa cha mapolo a magetsi ndi zinyalala, ndipo amayang'anitsitsa zimene munthu akuchita. Khwangwala akakhala pafupi, chokani, mudzabwere mawa. Thadzi lovumbulutsidwa litangoyamba kumene kufungatira limatha kuchisiyiratu chisa.

Mudzafike pa chisa pokhapokha thadzi litachokeratu. Dzira loswa bwino limatseguka mozungulira, ndipo kakhungu ka m'kati kamakhala katamatuka ku chigoba. Lodyedwa limakhala lophwanyika kapena lobooka m'mbali, kakhungu kadakali komatirira, mwina ndi zotsalira zouma za chachikasu cha m'dzira. Jambulani musanagwire. Koma musathamangire kulemba dzina la chilombo, poti zigoba zimanamiza ndipo chimodzi chimadya, china n'kudzatola zotsala. Ngati panalibe kamera, ingolembani kuti chadyedwa.

Palinso msampha wina pa kuyeza udzu. Mudzatambasula tepi kudutsa pa chisa n'kuyeza kuti zitsamba zaphimba masentimita angati, n'kuika kafelemu ka masentimita 20 kwa 50 pansi kuti muyerekeze udzu ndi zomera za maluwa. Vuto lili pa tsiku. Chisa chodyedwa chimatha msanga, choswa chimatha mochedwa, ndipo udzu ukukula masiku onsewo. Mukamayeza chisa chilichonse tsiku limene chatha, manambala adzaonetsa kuti zisa zopulumuka zinali mu udzu wautali, pamene zoona zake n'zoti munangoziyeza mochedwa. Kwa zaka zambiri cholakwika chimenechi chinkalowa m'malipoti, ndipo malamulo odyetsera ng'ombe pa malo a boma ankatsamira pa malipoti omwewo. Choncho chisa chodyedwa chiyezedwe pa tsiku limene mazira ake akanaswa.

Anapiye amawerengedwa usiku ndi tochi atakhala pansi pa make. Masabata oyamba amadalira tizilombo ndi masamba anthete, n'chifukwa chake cha mu Julayi mudzawapeza m'malo a chinyontho.

Za msewu mwachidule: dothi la kumeneko likanyowa limamata matayala mpaka galimoto kulephera kuyenda, ndiye mitambo ikada tulukani msanga. M'galimoto muzikhala matayala awiri apadera, jeke ndi thabwa loikirapo, fosholo, madzi okwanira masiku awiri, chozimitsira moto ndi mabatire ena a risiva. Musaimike galimoto pa udzu wouma wautali, kutentha kwa pansi pake kumayatsa moto. M'malo ambiri netiweki ya foni kulibe, choncho muziuza anzanu kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Geti mulisiye mmene mwalipezera, lotseka kapena lotsekula, chifukwa mwini ng'ombe akakwiya kafukufuku yense amamutsekera kunja. Zovala zikhale zophatikiza, poti m'mawa wa mu Epulo ndi wa chipale chofewa koma masana a mu Julayi ndi otentha kwambiri.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu.